Mafunso Anu: Ulendo wa Tsiku Limodzi Kuchokera ku Mzuzu

Makalata ambiri amene afika patsamba lino mwezi uno achokera kwa anthu amene anabwera ku Mzuzu chifukwa cha ntchito kapena sukulu, ndipo pafupifupi onse akufunsa za chinthu chimodzi, chomwe ndi malo amene munthu angapite m'mawa, kukaona zakumeneko, kukazungulira pamsika ndi m'masitolo, n'kubwerera kunyumba dzuwa lisanalowe. Ndasankhapo makalata anayi, ndipo ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Ine ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Dedza, koma tikukhala ku Chibavi kuyambira pamene bambo akunyumba anawasamutsira kuno chaka chatha. Ana akhala akundiumiriza kuti ndikawaonetse nyanja, pakuti chibadwire sanaionepo. Galimoto tilibe, ndiponso ndalama zokagonera kumalo ogona alendo sitingazikwanitse. Kodi n'zotheka kupita ku Nkhata Bay n'kubwerako tsiku lomwelo? Tikakafika tikaone chiyani kuwonjezera pa madziwo, nanga tikagule chiyani? Ndine mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Mayi, n'zotheka ndithu, ndipo ulendo umenewu sufuna chuma chambiri koma kulawirira. Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Nkhata Bay ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50 pamsewu wa tala wa M5, ndipo galimoto yoyenda bwino imatenga ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Minibasi imachedwerapo chifukwa sinyamuka isanadzaze, komanso imaima m'malo ambiri kutsitsa ndi kukweza anthu. Choncho 6 koloko m'mawa ikupezeni muli padepoti, pamene amalonda opita kukapikula nsomba akudzaza magalimoto mofulumira. Mukafika padepoti dzuwa litakwera, theka la m'mawa wanu lidzathera pampando mukudikira anthu.

Za zovala musazitenge mopepuka. Mzuzu ndi mzinda wa pamtunda, pamamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pamamita osakwana 500, kotero kuti mu ola limodzi mudzatsika mamita oposa 700. Anawo adzanyamuka atavala majuzi, akunjenjemera ndi chisanu cha ku Chibavi, koma musanafike n'komwe adzayamba kuvula chifukwa cha kutentha. Tengani chikwama choti musungemo majuziwo, pakuti madzulo pokwera phiri adzawafunanso. Msewu uli ndi makona ambiri, ndiye ngati pali mwana amene amachita nseru m'galimoto, ameneyo akhale kuwindo ndipo asadye zamafuta musananyamuke. Pa Mpamba, pamalo amalonda a m'njira, amayi adzabwera kumawindo ndi nthochi, chinangwa ndi zipatso za nyengoyo. Popita ingoyang'anani ndi kufunsa mitengo. Mudzagule pobwerera kuti musalemedwe tsiku lonse. Nthochi zimenezi musaziyese zachabe, chifukwa boma la Nkhata Bay linali nkhokwe ya nthochi kuno kumpoto mpaka pamene matenda a chisaka anapululutsa minda yambiri, ndipo alimi achita kuyambiranso ndi mbewu zatsopano.

Alendo ambiri akangotsika minibasi amathamangira kumchenga, amakhala komweko tsiku lonse, n'kubwerera asanaione Nkhata Bay yeniyeniyo. Ine ndikukupemphani kuti muyambire kumsika ndi kudoko, chifukwa moyo wa tawuniyi uli kumeneko, ndipo umaoneka bwino m'mawa. Tawuniyo ndi yaing'ono, yopanikizika pakati pa mapiri ndi madzi, moti kuyenda pansi kuchokera pamene mwatsikira kukafika kudoko sikungatopetse ngakhale mwana wanu wamng'ono. Usiku asodzi amakhala panyanja ndi nyali zokopera usipa, akukoka khoka limene amalitcha chilimira, ndipo m'bandakucha amakocheza ndi zimene apha. Mukafika nthawi yabwino mudzapeza mabwato atangowakokera pamtunda, anyamata akuyanika makoka, amayi akupikulitsana nsomba m'mabeseni, ena akumwaza usipa pathandala kuti uume. Ulendo wina ndinaima nthawi yaitali pafupi ndi mayi wina wachikulire amene ankaunjika usipa m'milu pathumba loyala pansi. Manja ake anali ngwee ndi timamba tonyezimira mpaka m'zigongono, ndipo mulu uliwonse ankaukonza ndi zala zitatu zokha, osayang'anako n'komwe, uku akucheza ndi mnzake m'Chitonga. Koma milu yonseyo inkatuluka yofanana ngati wachita kuyeza pasikelo. Ana anu akaone zinthu zotere, kuti akadzaona usipa m'mbale kunyumba azidziwa manja amene unadutsamo.

Chilankhulo chisakudetseni nkhawa. Eni dera ndi Atonga, koma Chichewa amachimva ndipo pamsika amachiyankhula. Komabe mukayamba ndi moni wa kwawo, kuti "Mwe uli?", n'kutsiriza malonda ndi "Yewo", mudzaona nkhope zikumasuka, ndipo nthawi zina basela amachuluka.

Pa zogula, lamulo langa ndi ili: gulani zimene zinabadwira komweko. Sopo, shuga, mapoto, nsapato ndi zitenje zimene mudzaziona m'masitolo ndi m'maokala, zambiri zinatsika ndi msewu womwe mwatsika nawo inuwo, ndipo zitenje za ku Tanzania mungazipeze zamitundu yambiri pamsika wa Taifa konkuno ku Mzuzu. Lowani m'masitolomo ndithu, muone, ana agule zoziziritsa kukhosi, koma ndalama yeniyeni muisungire usipa wouma kapena wofutsa, nsomba zowamba, ufa wa kondowole, chinangwa, malichero ndi mphasa. Usipa wouma bwino umathyoka mukaupinda, sununkha chinyontho, ndipo pansi pa mulu sipakhala mchenga wambiri. Pemphani kuti mugwireko ndi kulawa kamodzi, wogulitsa wachilungamo sakana. Nsomba zaziwisi, monga batala imene anthu a ku Nkhata Bay amainyadira kwambiri, musagule m'mawa ngati mulibe chosungiramo chozizira, chifukwa kutentha kwa kunyanja sikuchedwa kuziwononga. Ngati mwazifuna, gulani pamene mukunyamuka, ndipo sankhani za maso owala, zolimba mukazidina ndi chala. Ndalama mutenge zosinthasintha, pakuti amayi a pamsika kawirikawiri sakhala ndi chenji cha ndalama zikuluzikulu, ngakhale kuti ma ejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba alipo ngati mwaperewedwa.

Mukachoka pamsika pitani kudoko. Pamenepa ndi pamene pamakocheza sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, n'kubwera nayo zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Kwa anthu a ku zilumba za Likoma ndi Chizumulu, ndi a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja kumene misewu ndi yovuta, sitimayi yakhala ngati msewu wawo kwa zaka zoposa 70. Masiku ake ofikira amasinthasintha, choncho funsiranitu ngati mukufuna kuti ana akaipeze. Tsiku la sitima tawuni yonse imasanduka msika: matumba a ufa, malata, njinga, nkhuku, mitolo ya nsomba, zonse zili piringupiringu padoko.

Koma pali chifukwa china chachikulu chimene ndikufunira kuti mukaime pamalo amenewa. Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo atsogoleri a Nyasaland African Congress anayamba kugwidwa m'dziko lonse, kuphatikizapo Dr Hastings Kamuzu Banda amene anakamutsekera kundende ya Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ku Nkhata Bay, anthu amene anagwidwa ankati awatenge pa sitima ya Mpasa, ndipo khamu la abale awo ndi anthu a m'midzi linasonkhana padoko kufuna kuti awamasule. Asilikali anawombera khamulo. Lipoti la Devlin, limene boma la Britain linalamula kuti lilembedwe, linati anaphedwa pamenepo anali 20, pamene pamwambo wa chikumbutso amatchula anthu 31. Tchuthi cha pa 3 Malichi chimene ana anu amapuma kusukulu chaka ndi chaka chili ndi mizu yake ina pamalo omwewa, ndipo pali chipilala cha chikumbutso chimene aliyense wa m'tawunimo angakulozereni. Kaimeni pamenepo ngakhale mphindi khumi, muwafotokozere anawo modekha. Ine zimandiwawa ndikaona magulu a ana asukulu atabwera ulendo wonsewu, n'kubwerera atangosamba m'nyanja ndi kudya chipisi, wopanda wowauza kuti pamene apondapo panakhetsedwa mwazi wa anthu amene ankafuna ufulu umene iwo akuudyerera lero. Muwauzenso kuti boma lomweli la Nkhata Bay ndi limene linabala Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party, komanso Kanyama Chiume wa ku Usisya.

Nthawi ya nkhomaliro musafune nsima ya chimanga imene mumadya masiku onse. Lowani m'lesitilanti ya anthu wamba pafupi ndi msika muitanitse kondowole ndi nsomba. Kondowole ndi nsima ya ufa wa chinangwa: chinangwacho amachisenda, amachiviika m'madzi masiku angapo kuti chifewe ndi kuchoka ululu wake, kenaka amachiyanika n'kuchisinja. Nsima yake ndi yonanda, imakakamira kuzala, ndipo ili ndi kafungo kowawasa kamene mlendo amayamba wadabwa nako. Nyowetsani zala musanateme mbamu, muidye ikadali yotentha, ndipo ngati pali chigwada chotendera musachisiye. Kwa ana a ku Dedza ozolowera ufa woyera ndi mbatata ya kachewere, itanitsani mbale imodzi yoti alawe, ina ikhale ya mpunga, kuti wina asagone ndi njala chifukwa cha chakudya chachilendo.

Masana ndiye apatseni anawo nyanja yawo. Gombe la Chikale lili chakumwera kwa tawuni, kuseri kwa kaphiri, ndipo mukhoza kuyenda pansi kapena kukwera kabaza. Apa mundimvetse bwino, mayi. Nyanja ya ku Nkhata Bay si ya ku Salima kumene munthu amayenda mtunda wautali madzi akulekeza m'mawondo. Kuno gombe ndi lamiyala m'malo ambiri ndipo madzi amazama msanga. Chigawo chakumpotochi ndi chimene chili ndi malo akuya kwambiri a nyanja yonse, ofika mamita pafupifupi 700. Ana osadziwa kusambira asewere m'mphepete penipeni, inu muli chiimire pomwepo, osati mutakhala patali pamthunzi. M'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, kumawomba mphepo ya mwera imene imautsa mafunde aakulu mwadzidzidzi. Anyamata a maboti adzakuitanani kuti akakuonetseni nkhwazi ikutsika kudzawakha nsomba pamadzi, ndiponso tinsomba ta mbuna tamawangamawanga tosewera m'miyala. N'zokongoladi, koma musakwere boti lopanda majekete odzitetezera pamadzi okwanira aliyense, ndipo nyanja ikakhala yolusa mukane ngakhale atsitse mtengo. Pewaninso madzi odikha a m'mabango, momwe mumakonda kukhala nkhono zofalitsa likodzo. Mukadzaona chinthu chonga utsi chitaima pakati pa nyanja, musaganize kuti kwapsa sitima: timeneto ndi tizilombo touluka totchedwa nkhungu, timene anthu a m'mphepete mwa nyanja amatikola n'kupanga ndiwo.

Pofika 4 koloko madzulo mukhale mutakwera galimoto yobwerera. Msewu wokwera phiri uja suyenera kuyendedwa mumdima ndi ana, makamaka nyengo ya mvula kapena ya chifunga, ndiponso magalimoto amayamba kuchepa dzuwa likapendeka.

FUNSO: Ndine mnyamata wa ku Zomba, ndikuphunzira pa Mzuzu University. Mlongo wanga akukwatiwa ndipo ndikufuna ndikamugulire mphatso ya zosemasema ku Nkhata Bay, mwina bawo kapena mbale zamtengo. Anzanga akuti kumeneko mitengo ndi ya azungu ndipo amagulitsa mitengo wamba yopaka utoto ngati phingo. Ndingadziwe bwanji chenicheni, nanga ndinenerere motani?

YANKHO: Achimwene, zimene anzanuwo anena zili ndi mbali yoona, koma zisakuchititseni kuona wosema aliyense ngati wakuba. Ogulitsa ziboliboli mudzawapeza m'mbali mwa msewu wolowera m'tawuni ndi njira yopita ku Chikale, ndipo ambiri mwa iwo amasema pomwepo, kuseri kwa kanyumba kawo. Yambirani kwa amene mwamupeza ali ndi sompho m'manja, tizipalapala ta mtengo tili mbwee pamapazi pake, chifukwa ameneyo amaudziwa mtengo umene wagwiritsa ntchito ndipo akhoza kukuuzani dzina lake.

Phingo weniweni ndi wolemera kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo kuda kwake n'kwa mtima wa mtengo, pamene kunja kwake kumakhala koyererako. N'chifukwa chake zosema zambiri za phingo zimakhala ndi kachigawo koyera penapake. Chinthu chikakhala chakuda bii paliponse koma chopepuka m'manja, chitembenuzeni muone kunsi kwake, ndipo mupukute ndi kansalu koyera. Ine ndinagulapo kambale kotere zaka zapitazo kwa wogulitsa wina woyendayenda, ndipo nditafika kunyumba n'kukatsuka, madzi anada ndi polishi wa nsapato, mtengo woyera n'kutsala poyera. Chinandipweteka si ndalama ayi, koma kuti kambaleko ndinali nditalonjeza mayi anga. Komanso musaumirire phingo yekha. Mtengo umenewu umakula pang'onopang'ono ndipo ukusowa, pamene mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yolimba, yokongola, yoyenera bawo kapena mbale. Pa bawo yang'anani kuti maenje onse 32 ndi osalala ndi ofanana kuya kwake, kuti dzanja lizitola nkhomo mosavuta, ndipo ngati ndi lopinda, mahinjesi ake akhale olimba.

Kunenerera ndi mwambo wa pamsika ndipo palibe amene angakudabweni. Perekani moni, funsani mitengo m'malo atatu musanatulutse ndalama, ndipo nenani poyera kuti ndinu mwana wasukulu amene mukufuna mphatso ya ukwati wa mlongo wanu. Mtengo woyamba umene amatchula nthawi zambiri ndi wa alendo akunja, ndipo akamva nkhani yanu amatsika okha. Koma pali malire amene munthu waulemu sapitirira. Bawo labwino limadya masiku ambiri a munthu, kuyambira kugula mtengo, kusema, kupala mpaka kupukuta, ndiye mukaona kuti wafika pamene sakutsikanso, musamukakamize ndi mawu onyoza ntchito yake. Ngati mukufuna kuti alembepo mayina a akwatiwo, mufike m'mawa, mupereke theka la ndalama, mudzatenge pobwerera masana.

FUNSO: Bambo anga, amene ndi mkulu wa mpingo wa CCAP kwathu ku Nkhoma, abwera kudzacheza kwa milungu iwiri. Ndi achikulire, miyendo imawavuta, ndipo kutentha sagwirizana nako. Ndikufuna ndiwatulutseko m'nyumba tsiku limodzi. Kodi pafupi ndi Mzuzu pali malo oti angasangalale nawo popanda kuwatopetsa? Ndine bambo wa ku Katoto.

YANKHO: Bambo, atengereni ku Ekwendeni. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20 okha pamsewu wa M1 wopita ku Karonga, msewu wake ulibe zitunda zoopsa ngati wa kunyanja, ndipo nyengo yake siisiyana kwenikweni ndi ya ku Mzuzu. Mukhoza kunyamuka mutamwa tiyi mosathamanga n'kubwerako nthawi ya nkhomaliro itangopitirira. Kwa mkulu wa mpingo, malo amenewa adzawakhudza mtima kuposa gombe lililonse.

Mishoni ya Ekwendeni inakhazikitsidwa mu 1889 ndi Dr Walter Elmslie wa mishoni ya Livingstonia, pakati pa Angoni a m'dera la Inkosi Mtwalo. Bambo anu akudziwa bwino kuti chaka chomwecho ndi chimene amishoni a Dutch Reformed Church anayamba ntchito ku Mvera, kumene kunachokera sinodi yawo ya Nkhoma, choncho adzakhala ngati akuyendera msuweni wa mpingo wawo amene anabadwa naye chaka chimodzi. Pamishonipo pali tchalitchi chachikulu cha njerwa, chipatala, sukulu ya anamwino ndi nthambi ya University of Livingstonia. Mukafika musangoyamba kuzungulira ndi kujambula. Pitani kaye ku ofesi ya mpingo kapena kunyumba ya abusa, mudzidziwitse, munene kuti mwabwera ndi mkulu wa mpingo wochokera ku Nkhoma amene akufuna kuona tchalitchi. Safunsa anadya phula, ndipo mlendo wodzera pakhomo amaonetsedwa zambiri kuposa wodzera kuseri. Ngati mungasankhe Lamulungu, mufunsiretu nthawi ya mapemphero; nyimbo zidzakhala za Chitumbuka, zina za mayimbidwe a Chingoni, ndipo ngakhale mawu ena adzawaphonya, mtima wa chipembedzocho adzautsatira bwinobwino.

Muli m'njira muwaonetse chinthu china chimene alendo ambiri sachizindikira. Mayina a malo ambiri a m'boma la Mzimba amayamba ndi E: Ekwendeni, Enukweni, Ezondweni, Euthini, Embangweni, Edingeni. Chimenechi ndi chizindikiro cha chilankhulo cha Angoni amene anachoka kumwera kwa Africa motsogozedwa ndi Zwangendaba, n'kuwoloka Zambezi mu 1835. Lero anthu a kumeneko amayankhula Chitumbuka, koma mayina a midzi, ziwongo ndi gule wa ingoma zinasunga chiyambi chawo, ndipo chaka chilichonse amakumana paphiri la Hora pamwambo wa Umthetho.

Za msika, Ekwendeni ndi malo a alimi. Masitolo ake ali m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo katundu wake ndi wa anthu a kumudzi: makasu, mbewu, feteleza, zipangizo za njinga, malata, mchere ndi zovala za kaunjika. Nthawi yokolola ikafika mumapezeka nyemba, mtedza, soya, mbatata, tomato ndi nzimbe zochokera m'midzi yozungulira, ndipo munthu wachikulire amene anakulira pakhasu adzakondwa kugwira nyembazo m'manja, kufunsa dzina la mtundu wake ndi kuyerekeza ndi za kwawo. Apezereni pokhala pamthunzi pakhonde la sitolo, inu muzikagula, iwo azicheza ndi achikulire anzawo. Moni wake ndi "Monire", ndipo kwa bambo wamkulu mumati "Monire adada". Popeza miyendo imawavuta, kuchokera pamsewu kukafika kumishoni musawayendetse pansi kapena kuwakweza kabaza wa njinga yamoto. Pezani galimoto yoti ikawatule pakhomo penipeni.

FUNSO: Ndife gulu la amayi khumi ndi asanu a banki m'khonde ku Mchengautuwa. Tagawana ndalama ndipo tagwirizana zochita hayala minibasi kuti tikasangalale. Ena akufuna Nkhata Bay, ena Chintheche, ena akuti tikafike ku Bandawe. Kodi zonsezi zingatheke tsiku limodzi?

YANKHO: Amayi, poti galimoto ndi yanuyanu, zingatheke, koma pokhapokha mutagwirizana kuti ku Nkhata Bay mukangodutsako m'mawa kukagula nsomba zouma, osakhalitsa. Chintheche ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumwera kwa Nkhata Bay pamsewu womwewo wa M5, ndipo Bandawe ili patsogolo pake pang'ono, kotero kuti kupita ndi kubwera mudzayenda makilomita oyandikira 200. Muuzeni dalaivala njira yonseyi musanagwirizane mtengo, ndipo mumvane za mafuta ndi nthawi yobwerera pamaso pa gulu lonse, kuti pasadzakhale kukangana muli kutali ndi kwanu.

Njira imeneyi ili ndi zake zokoma. Mudzadutsa m'munda waukulu wa mitengo ya labala wa Vizara, momwe mitengo inandandalikidwa m'mizere, uliwonse uli ndi kachikho kolandirira utomoni, ndipo m'mbali mwa msewu anyamata amadumphitsa mipira yopangidwa ndi utomoni womwewo kuti oyenda agule. Imeneyo ndi mphatso yabwino ya ana otsala kunyumba. Ku Chintheche gombe ndi la mchenga woyera, lotambalala, loyenera gulu lokhala pamphasa ndi kudya pamodzi, koma malo ambiri abwino ali m'manja mwa eni malo ogona alendo, choncho mmodzi wa inu aimbiretu foni kufunsa ngati amalola alendo a tsiku limodzi, ndalama yolowera, ndiponso ngati mungabwere ndi chakudya chanu.

Ku Bandawe ndi kumene amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, asanakwere phiri kupita ku Khondowe mu 1894 pothawa malungo. Tchalitchi chakale chilipo, pamodzi ndi manda a amishoni amene anamwalira kumeneko, ena a iwo akadali achinyamata. Pafupi pomwepo pali mudzi wa Chifira, kwawo kwa Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Popeza ndi malo a mpingo ndi manda, tengani zitenje zoti mufunde pamwamba pa zovala za kugombe, ndipo mupemphe munthu wa pamalopo kuti akutsogolereni. Ndondomeko imene ndingakupatseni ndi yakuti 8 koloko muli pamsika wa Nkhata Bay, 10 koloko mwanyamuka kupita ku Bandawe dzuwa lisanafike paliwombo, nkhomaliro ndi kusambira zikachitikire ku Chintheche, ndipo 3 koloko masana msungichuma wanu awerenge anthu onse khumi ndi asanu m'galimoto, muyambe ulendo wokwera ku Mzuzu.